Mbuzi Yomwe Inatsala M'beseni

Zaka zimene anthu a ku Mozambique anadzaza midzi ya ku Katuli, ine ndinali wogula ndi kugulitsa chilichonse chosathawa. Tsiku logawa chakudya cha othawa nkhondo ndinkakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa sitolo, thumba pambali, kudikira amene atope ndi nandolo. Munthu sangadye nandolo mwezi wathunthu osalota nsomba. Ndiye ndinkatenga nandolo ndi mafuta ophikira, kutsika nazo ku boma, nthawi zina mpaka ku Monkey Bay, n'kubwerako ndi usipa wouma.

Anthu amati ntchito yonenerera ndi yaulesi chifukwa munthu sugwira khasu. Sadziwa. Umanyoza katundu amene mtima wako ukumufuna, umatama amene wakukanika kugulitsa, umanyamuka ngati ukupita kuti akuitane, ndipo akapanda kukuitana umayerekeza kuti waiwala chipewa. Zonsezi m'Chiyao, m'Chichewa, ndi timawu ta Chipwitikizi tobwereka. Pofika masana nsagwada zinkandiwawa ngati ndatafuna chimanga chokazinga tsiku lonse.

Nthawi imeneyo mkulu wina wobwera kuchokera ku Joni anatsegula vidiyo m'nyumba yomwe kale munali chigayo. Anaika kanema pa thebulo, deki pansi pake, jenereta kuseri, ndi mabenchi a matabwa osapala. Makoma ankanunkhabe gaga. Madzulo ankaonetsa za karate ndi za nkhondo. Tsiku loyamba loonetsa ya nkhondo munadzaza, eni mudzi ndi alendo omwe. Ndege itangotulukira pa kanema ndi mfuti kuyamba kulira, benchi la kumbuyo linagwa. Mayi wina anatuluka ndi chitseko chomwe. Bambo wa imvi tinamupeza pansi pa thebulo atagwira mutu. Ife a kuno tinaseka mpaka misozi, ndipo m'mawa mwake tinkasimbirana pamsika. Alendo aja sanabwerenso ku vidiyo ya madzulo.

Masana, sukulu ikaweruka, ankaika makatuni a ana. Tepi yake inali imodzi yokha, yomweyo dzulo, yomweyo lero. Munali mbuzi yowonda yovala tayi, ndi mvuu yonenepa yovala ovololo imene inali ndi dimba la kabichi. Nkhani yonse inali imeneyo: mbuzi ikufuna kabichi, mvuu sikufuna. Mvuu inkakhalira mbuzi mpaka kuphwathalala ngati mkeka. Mbuzi inkadzikutumula, kukonza tayi, n'kuyambiranso. Ankaigwetsera mwala, ankaiwombera ndi mzinga, inkada bii ngati khala, kuphethira kawiri, basi yachira.

Ine ndinalowamo koyamba pothawa mvula. Kachiwiri panalibe mvula.

Chimene chinandigwira poyamba n'choti munalibe wolankhula. Malipenga okha, timaluzu, ndi ng'oma mbuzi ikagwa. Palibe amene ankafuna kuti ndimuyankhe. Zija za madzulo zinali za Chingerezi chothamanga, moti pankafunika wina wakutsogolo wotanthauzira, nayenso wongopeka. Koma mbuzi ikaponda pa khasu n'kudzimenya ndi mpini pamphumi, Myao, Mchewa ndi Mmakuwa ankaseka nthawi imodzi. Ndipo munalibe maliro. Zaka zimenezo sabata silinkatha osamva kuti kwa auje mwana wapita ndi kutsegula m'mimba, kapena kuti wina wabwerera tsidya kukafukula chinangwa chake n'kuponda bomba. Ukalowa m'chigayo muja unkadziwa kuti kwa kanthawi ndithu aliyense wogwa adzuka.

Vuto linali manyazi. Bambo wa ndevu zake sangaoneke akulowa yekha ku zidole za ana. Ndiye tinayamba kubwereka ana. Unkagwira dzanja la mwana aliyense woima pakhomo n'kulowa naye ukudandaula mokweza kuti ana a masiku ano savutitsa pang'ono. Telala wa pa khonde la sitolo ankalowa ndi mwana wa mlamu wake, wogulitsa nyama ya mbuzi ankalowa ndi mwana amene dzina lake sankalidziwa n'komwe. Ana sanachedwe kuzindikira kuti asanduka katundu wosowa. Kuwalipirira pakhomo kokha kunasiya kukwana, anayamba kufuna chitumbuwa pamwamba. Ine amene ndinkaliritsa asodzi a ku Monkey Bay ndinagonja kwa kamtsikana kogweluka mano, kamene nditanyamuka ngati ndikupita kanangondiyang'ana, podziwa kuti jenereta yalira kale.

Munthu mmodzi yekha ndiye ankalowa wopanda mwana. Anali mmisiri wa malata wochokera tsidya, wamtali, wosalankhulalankhula, amene ankasandutsa zitini za mafuta a othawa nkhondo kukhala nyale za koloboyi ndi timakapu. Tinkangomutcha amisiri. Ankakhala benchi la kutsogolo pakati pa ana, mawondo kufika m'chibwano, thumba la zida zake pakati pa miyendo.

Nkhani yake aliyense ankaidziwa, chifukwa ankaifotokozera mlendo aliyense wongofika kumene. Pothawa anafika pa mtsinje wodzaza. Bwato linali laling'ono. Iye anawoloka ulendo woyamba ndi apongozi ake okalamba ndi katundu, kuti bwato libwerere kukatenga mkazi wake ndi ena otsala. Ali tsidya lino mfuti zinalira tsidya lija, ndipo mwini bwato anakana kubwerera. Apongozi aja anamwalira kuno mvula yoyamba. Za mkazi palibe amene anabwera ndi mawu, kaya akuti ali moyo kaya akuti anafa. Gulu latsopano likafika, amisiri ankasiya nyale ili theka n'kupita kukafunsa. Ankabwerako, kukhala pansi, kupitiriza nyale ija.

Tsono tepi ija inali ndi chilema. Chakumapeto, mbuzi pothawa mvuu inkadumphira m'beseni losambira, beseni n'kugwera mumtsinje. Madzi ankalitenga, kulizunguza, ndipo kutsogolo kunkaoneka mathithi. Mbuzi inkapalasa ndi kabichi, kenako n'kusiya, n'kutembenuka kutiyang'ana ife. Pomwepo chithunzi chinkaduka. Pankabwera mzungu wa jekete akuwerenga nkhani, milomo yokha osamveka, kenako timadontho toyera ngati mpunga wotayika.

Ana analibe nazo ntchito. Mzungu akangotulukira ankathamangira panja. Ife akuluakulu ndiye tinkatsala pakhomo kukangana.

“Igwira nthambi imeneyo,” ankatero telala. “Simunaone mtengo kumanzere kuja?”

“Nthambi yake iti? Mvuu ndi imene ikaivuule. Ikafa mbuzi, mvuu izithamangitsa ndani?”

“Inu a nyama musalankhulepo. Inu mbuzi iliyonse mumaifunira mpeni.”

Amisiri sankalowerera. Ankakhalabe pa benchi mpaka mwini vidiyo atazimitsa jenereta. Tsiku lina ndinamva akufunsa ngati tepi singapitirire pang'ono akaisiya. Mwini vidiyo anati iye anaigula choncho kwa mnzake wa ku Monkey Bay, amene amalandira matepi kwa anthu ogwira ntchito m'sitima ya panyanja. “Yonse ili kumeneko,” anatero, pofuna kuti munthuyo atuluke atseke.

M'mawa mwake amisiri anandipeza pansi pa mango.

“Achimwene, mukamapita ku Monkey Bay munditenge.”

“Mukagulitse nyale? Kumene kuja kuli magetsi, amisiri. Akakusekani.”

“Ndikaone mbuzi.”

Ndinaseka, kudikira kuti nayenso aseke. Sanaseke.

“Ulendo wonse uja chifukwa cha chidole chojambula? Ndikuuzeni ine mathero ake pompano, mwaulere. Ipulumuka. Zimapulumuka zonse.”

“Munaona?”

“Sindinaone, koma…”

“Ndiye simukudziwa.”

Anati yekha sangathe. Chichewa chake chinali cha pamsika, chongokwanira kutchula mtengo wa nyale, ndipo akaona yunifolomu iliyonse lilime linkamuuma. Ankafuna munthu wa pakamwa. Ndinavomera, ndikudziuza kuti ndapeza wondinyamulira matumba. Zoona zake n'zoti nanenso beseni lija linkandibwerera ndikamadya.

Tinakwera matola mbandakucha, pamwamba pa matumba a chimanga, ine ndi nandolo wanga ndi zitini za mafuta, iye ndi thumba la zida lomwe sankalisiya. Msewu wotsika mapiri uja unatigwedeza mpaka mano. Galimoto inafa kawiri, tinakankha kawiri. Pa mlatho wa Shire amisiri anayang'ana mapazi awo mpaka titawoloka. Ku boma tinadikira basi ya ku Monkey Bay dzuwa lonse, ndipo podikirapo ndinawaphunzitsa ntchito.

“Tikakafika, inu pakamwa tseke. Musayang'ane tepi. Musamwetulire. Munthu akaona kuti chinthu ukuchifuna, wakumanga kale. Ine ndikanyoza, inu gwedezani mutu. Ndikanyamuka, nyamukani.”

“Tikanyamuka tipita kuti?”

“Sitipita kulikonse. Timangonyamuka.”

Anagwedeza mutu ngati wamva.

Tinagona kwa msodzi amene ndinkagulako usipa, ndipo kutacha tinafunsira vidiyo ija. Inali kuseri kwa malo omwera mowa, kufupi ndi njira ya ku doko. Kunkatentha kale, miyala ya m'mapiri muja ikubweza dzuwa. Mwini wake tinamupeza pakhomo akudya mango ndi mpeni, bambo wamimba, malaya osamanga mabatani.

Ndinayamba patali monga mwa ntchito. Ndinatama nyumba yake, ndinadandaula za kutentha, ndinafunsa ngati ali ndi za karate zatsopano. Kenako, ngati ndangokumbukira, ndinati, “Paja ana kwathu amatisokosa ndi kambuzi kena kovala tayi. Zachibwana zenizeni. Kaya muli nako kuno?”

“Ilipo ina,” anatero, akuseteka mpeni. “Ili kunyumba, ana anga amaonera. Kuno sindiika. Kuno kumabwera asilikali a panyanja, amafuna zomenyana.”

“Eetu, ndani angalipire zoterozo. Ndinangoti mwina mutiikire pang'ono tisanakwere basi, poti m'nyumbamu mulibe anthu. Koma musavutike, bwana. Tiyeni amisiri.”

Ndinanyamuka. Ndinayenda mpaka pa mpanda, khutu lili kumbuyo. Munthu uja anali atatsala pang'ono kundiitana, ndinamva mmene anakokera mpweya. Nditacheuka, amisiri sananyamuke. Anali atagwada pa fumbi, akumasula thumba lawo. Anatulutsa sizasi yodulira malata, hamala, ndi chitsulo chowotcherera mtovu, n'kuziyala pamapazi a bambo uja.

“Bwana, tengani izi. Ndachokera ku Katuli. Ndione mbuzi basi.”

Zaka zonse zimene ndakhala pamsika sindinaonepo malonda akufa imfa yoipa choncho. Bambo uja anasiya mango. Anayang'ana zida, anayang'ana ine, n'kumwetulira mmene ndikanamwetulira ine ndikanakhala iye.

“Ndiye ana akusokosa, eti? Mwana wake ndi ameneyu?”

“Mutu wake sukuyenda bwino,” ndinatero. “Nkhondo. Amisiri, longedzani.”

“Ayi, asiyeni. Munthu wapereka yekha. Sizasi imeneyi ndi yabwino.”

“Yabwino chiyani, yobuntha ngati supuni. Muidulira chiyani, mango?”

“Ngati ndi yobuntha mukuikakamira bwanji?”

Anandigwira ndi msampha wanga womwe. Zida zimenezo zinali chakudya cha munthuyo. Anawoloka nazo mtsinje uja, ndipo popanda izo akanatsala ndi nandolo wogawidwa ndi kukhala pansi. Ndinayesa zonse. Ndinati amisiri amukhomere chidebe chatsopano, anakana. Ndinati ndimupatse nandolo, anati iye si wothawa nkhondo. Ndinatchula Mulungu, ndinatchula ubale wa anthu a m'boma limodzi, ndinanamizira kuti ndimadziwana ndi malume ake. Nthawi yonseyi amisiri ali chogwada, osandithandiza ngakhale ndi nkhope. Pomaliza bambo uja analoza chitini cha mafuta chimene ndinabwera nacho kuti ndikasinthe ndi dengu la usipa.

“Icho.”

“Chonse? Kuonera kamodzi zidole za ana?”

“Kapena sizasi. Sankhani, akuluakulu.”

Ndinapereka chitini. Mpaka lero ndikamva fungo la mafuta amenewo ndimamva kuwawa penapake m'nthiti.

Anapita kunyumba, anabwera ndi tepi yopanda chikuto. Tinalowa atatu m'nyumba yopanda anthu, yonunkha thukuta la dzulo ndi makoko a mtedza. Amisiri anakhala kutsogolo monga mwa masiku onse. Ine ndinakhala pambali pawo, nditatopa ndi ulendo, mkwiyo wa mafuta udakalipo.

Malipenga analira. Mbuzi inatulukira, yomwe ija, tayi pakhosi, ikuyenda monyang'wa. Amisiri anagwira bondo langa.

Koma munalibe mtsinje. Mbuzi inali m'sitima ya pamtunda, ikuyerekeza kukhala woperekera zakudya kuti ifike pa kabichi amene mvuu inanyamula m'sutikesi. Zinathamangitsana m'mabogi, zinakwera padenga, mbuzi inamenya mutu pa khomo la phanga. Itatha imeneyo inabwera ina ya kuchipatala, ina ya kumalo ozizira oyera mbuu. Ine ndinaseka ndithu, mafuta ndinawaiwala kangapo. Amisiri sanaseke ngakhale kamodzi. Ankayang'ana m'mphepete mwa kanema ngati beseni litulukira pamenepo. Tepi inatha bwinobwino, ndi zilembo zokwera m'mwamba.

Deki inatsala ikulira yokha.

“Mwaiona, amisiri,” ndinatero. “Yamoyo, yathanzi. Tiyeni tikagule usipa ndi zimene zatsala.”

Iwo anatembenukira kwa mwini vidiyo, amene anali ataima pakhomo.

“Bwana, izi zachitika itatuluka mumtsinje, kapena isanalowe?”

Funso limenelo ine silinandifikepo m'mutu. Linandilowa ngati madzi ozizira.

“Mtsinje wake uti?” anatero bambo uja. “Aaa, zimenezi zilibe poyambira kapena pothera, akulu. Azungu amangojambula. Mwina iyi ndiye yakale, ndidziwa bwanji ine.”

Ndinaona mapewa a amisiri akutsika. Munthu wamtali uja anachepa pa benchi mpaka kufanana ndi ana amene ankakhala nawo. Ulendo wonse uja, kugwada kuja, n'kubwerera ndi zomwe anabwera nazo.

Pakamwa panga panatseguka pokha, monga pamachitira kasitomala akafuna kuthawa.

“Itatuluka. N'zoonekeratu. Simunaone tayi?”

“Tayi yatani?”

“Yafupika. Ku Katuli ija imafika pamimba, iyi ikulekeza pachifuwa. Nsalu imeneyo ndi ija imathina ikanyowa. Ine ndagulitsapo kaunjika, amisiri, nsalu yoti yagona m'madzi ndimaidziwa ndili patali. Ndiponso mwaona mmene imayendera? Ikutsimphina pang'ono mwendo wakumbuyo. Pamathithi paja inamenyetsa pamwala. Koma inatuluka.”

Mwini vidiyo anayamba kuseka. Ndinamuyang'ana ndi diso limene ndimasungira anthu ondiwonongera malonda, ndipo anakatsokomolera panja.

Amisiri anandiyang'ana nthawi yaitali. Munthu ameneyu ankandiona tsiku ndi tsiku pansi pa mango ndikulumbira kuti usipa wa mwezi watha wauma dzulo. Ankandidziwa bwino lomwe. Ndinadikira kuti anene kuti ndikunama.

“Nenaninso, achimwene,” anatero. “Pang'onopang'ono.”

Ndinanenanso. Tayi, nsalu yothina, mwendo wakumbuyo. Ndinawonjezera kuti pansi pa mathithi nthawi zambiri pamakhala dziwe lakuya, ndipo beseni likagwa chagada limayandama. Ndinati mwina inakokoloka mtunda wautali n'kukatulukira kudera lina kumene sikudziwa njira yobwerera, n'chifukwa chake tikuiona m'sitima. Apa mawu anandithera. Sindinkadziwanso ngati ndikunena za mbuzi.

Amisiri anapukuta nkhope ndi chikhatho.

“Aibwezere. Ndione tayi.”

Ndinatuluka kukamupeza bambo uja. Anati mafuta aja anali a kamodzi, ndipo posachedwa asilikali ayamba kufika. Nsagwada zinkandiwawa, usipa ndinali ndisanagule ndipo basi ya ku boma sinkadikira munthu. Ndinayambiranso. Ndinamukumbutsa kukula kwa chitini, ndinati ngakhale wogulitsa tomato amaika kabasela, ndinati ndikalengeza ku Katuli konse kuti ku Monkey Bay kuli munthu woumira kuposa ine. Sindinanyamuke ngati ndikupita. Mphamvu zake ndinalibe, ndipo iye akanadziwa. Pomaliza anatukwana pang'ono, n'kulowa kukabweza tepi.

Malipenga analiranso. Amisiri anasendera kutsogolo mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi. Mbuzi inatulukira ndi thireyi m'manja, ndipo iwo anaika chala pa tayi, kuyeza kuchokera pakhosi kutsika. Anabwerera pa benchi.

Pamene mbuzi inamenya mutu pa khomo la phanga n'kutuluka nyanga zitapindika, ndinamva kaphokoso pambali panga, kouma, ngati chitseko chimene chakhala osatsegulidwa. Anali amisiri akuseka. Ine ndinali ndikuyang'anabe tayi ija, kuyesa kukumbukira pamene ya ku Katuli inkalekeza.